Waya Wotsiriza ndi wa Atsupi

Atsupi, mdzukulu wanga, amatsegula kashopu kake ku Dekon, pakati pa Lome, anzake okonza mafoni asanafike. Amasesa, amapukuta tebulo, kenako amamasula Atsu m'nsalu ya m'chiuno n'kumukhazika pa mpando wautali. Atsu ameneyu ndi wosemedwa ndi mtengo, kutalika kwake ngati chikhatho, ndipo amavala kamalaya ka nsalu imodzimodzi ndi imene Atsupi wavala tsikulo. Wofuna kunena kuti n'chidole akanenere kwa amake. Ndi mlongo wake, wobadwa naye tsiku limodzi. Kwathu kuno mapasa safa. Atsu anapita kotola nkhuni, ndipo mpaka adzabwere, chimene Atsupi wadya iyenso amalawa, Atsupi akasamba iyenso amasamba.

Ana awiriwa anakulira pakhomo panga ku Be. Atsu anali wamanzere ndiponso wapakamwa. Atsupi anali wa maso, wosalankhulalankhula. Wailesi ya malemu agogo awo aamuna anaiphwasula asanadziwe n'komwe kulemba mayina awo, ndipo chikwapu chitatuluka aliyense ankakuwa kuti, "Ndine, menyani ine!" Mapasa sumenya mmodzi n'kusiya mnzake, ndiye chikwapucho chinangothera padenga. Posakhalitsa wailesi ija inalankhulanso, ndipo inkagwira masiteshoni amene kale sinkawadziwa.

Atakula, katundu amene ankatsika kwambiri padoko anali makina a magemu, timabokosi takuda totopa nato azungu. Vuto lake, makinawo ankakana zimbale zokopera za pamsika. Ankafuna zenizeni zokhazokha, zimene mwana wa ku Be sakanazikwanitsa ngakhale atagulitsa nsapato. Mankhwala ake anali tchipu, kachipangizo kochepa ngati chikhadabo, kamene umakamata mkati n'kukalumikiza ku bolodi ndi timawaya topyapyala ngati tsitsi. Ukaika bwino, makina amadya chimbale chilichonse. Ukaphonya pang'ono pokha, TV imangoti bii, ngati wathira makala.

Ntchito imeneyi ku Dekon ankaigwira ambiri, koma Kwa Mapasa, shopu ya awiriwa, kunalibe wofanana nako. Sindikunena chifukwa ndi anga, kafunseni. Ankakhala moyang'anizana, bolodi lili pakati. Atsu ankagwira chitsulo chowotcherera ndi mtovu. Atsupi ankasunga m'mutu malo onse amene waya aliyense amatera, ndipo ankaloza ndi kamtengo kotokosera m'mano. Uyu kuloza, uyu kuwotcherera, pakamwa pa Atsu posatseka. Ndipo popeza chimene wapatsa mmodzi wa mapasa uyenera kupatsanso mnzake, Atsu sankamaliza ntchito yekha. Waya wotsiriza, wofiira uja wopatsa tchipu moto, ankamusiya ali lende, n'kutembenuza chitsulo, chogwirira chili kutsogolo.

"Abwana, sainani," ankatero.

Choncho bokosi lililonse lotuluka pamenepo linali ndi manja a onse awiri, ndipo panalibe ndi limodzi lomwe lotuluka lakufa.

Tsiku lija Atsupi anagona kunyumba ndi malungo. Atsu anatsegula yekha shopu, anagwira yekha ntchito, ndipo chakumadzulo anakwera zemijani, njinga yamoto ya kabaza, kuti akamupatse mlongo wake malalanje. Za lole imene inawomba njingayo sindilemba. Malalanje anatola ndi anthu pamsewu. Miyambo itatha, Atsupi anabwerera ku shopu n'kupeza bokosi limodzi patebulo, chivundikiro chongoikidwa pamwamba osamanga, kansonga ka waya wofiira kakusuzumira m'mbali. Sanalitsegule. Analikulunga m'pulasitiki n'kuliika pa shelefu ya pamwamba, kumbuyo kwa mpando wa Atsu.

Mwini bokosiyo sanabwere, ndipo zaka zinadutsa. Atsupi anaphunzira kuwotcherera yekha, dzanja lina chitsulo, lina waya, wopanda womulozera. Koma dziko nalo linali likusuntha. Ana anayamba kusewera pa mafoni. Mashopu a magemu oyandikana naye anatsekedwa limodzilimodzi, eni ake ena kupita ku Abidjan, ena kuyamba kumata magalasi a mafoni. Kwa Atsupi kunatsala obwera mwa apo ndi apo, abambo akuluakulu onyamula makina a ubwana wawo m'jumbo mwamanyazi.

Amuna anamufunsirapo, asakunamizeni wina. Mwana wokongola ngati ameneyu? Panali mphunzitsi wina wa ku Tokoin amene anafika mpaka pobweretsa zakumwa kunyumba. Tsiku lina akudya, bamboyo anati, "Kamtengo aka tikakwatirana kazitsala ku shopu." Atsupi anasamba m'manja, anamanga Atsu m'chiuno, n'kutuluka. Zakumwa zija zinabwezedwa zosatsegula. Kuyambira pamenepo moyo wake unali wa njira imodzi: ku Be, ku Dekon, ku Be. Masana ankagula nyemba za mafuta ofiira, chakudya cha mapasa, n'kuyamba watapa pang'ono kuika pa kambale ka Atsu. Ankadya akumuuza nkhani za makasitomala, chapansipansi, ngati anthu awiri amene safuna kuti oyandikana nawo amve.

A m'banja anamuuzapo kangapo kuti bokosi la pa shelefu lija alimalize kapena alitaye. Yankho lake linali limodzi: "Ndi ntchito ya Atsu." Sankawonjezera. Koma aliyense womudziwa ankamva zotsalazo. Munthu amene wasiya ntchito patebulo amakhala ndi chifukwa chobwerera. Bokosilo likadzatha, Atsu adzabwereranji?

Ndiye m'mawa wina, mphepo ya fumbi ya chaka ndi chaka itayamba, pakhomo panaima bambo wonenepa wa imvi za m'ndevu, chipewa chili chammbali.

"Odi Kwa Mapasa! Da Atsupi, ndinu ndithu? Simunasinthe! Nanga chimunthu chapakamwa chija chili kuti? Chandiona patali n'kubisala chifukwa cha makina anga?"

Atsupi anamuzindikira ndi mawu. Anali Fo Sename, amene kale ankayendetsa minibasi ya ku Tsevie. Kwathu kuno Fo ndi achimwene, Da ndi achemwali. Atsupi anangoloza mpando wautali ndi chibwano. Bamboyo anayang'ana, n'kuona kamalaya kofanana ndi nsalu ya Atsupi. Anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Ayi, Da. Ayi."

"Anapita ku nkhuni."

"Liti?"

"Tsiku lomwe munasiya makina anu, Fo."

Fo Sename anakhala pa kabenchi ka makasitomala, chipewa chili pa bondo. Anapereka moni kwa Atsu monga mwa mwambo, ndipo anafotokoza kuti sabata yomweyo mwayi wa ntchito ya matabwa unamutengera ku Gabon, ndipo kumeneko zaka zinamudya. Tsopano msana watha, wabwerera. Anati ku Tsevie kwawo kuli khonde, benchi ndi TV yakale, ndipo ana a kumeneko alibe mafoni a magemu. Akapeza makina, khondelo lingamudyetse. Zimbale zokopera anagula kale thumba lonse. Loweruka akukwera.

"Koma Da, ndaona mmene zilili," anatero akuyang'ana pa shelefu. "Musadzivute. Ndipatseni momwemo, ndikapereka kwa wina akaone."

Mawu akuti "wina" anamulowa Atsupi ngati munga. Wina ndani? Munthu wa zala zonga chinangwa akatsegule, akazule mawaya a Atsu n'kutaya m'ngalande, kenako azikauza anzake kuti Kwa Mapasa anapha makina a munthu?

"Muno simutuluka bokosi lakufa, Fo Sename. Mubwere Loweruka m'mawa."

Atatsala yekha anatsitsa bokosi lija. Pulasitiki inali itauma, inkangothetheka m'manja. Anachotsa chivundikiro, ndipo ntchito ya Atsu inali pamenepo ngati ya dzulo. Timawaya tinagona mbali imodzi ngati tsitsi lopesa. Madontho a mtovu anali ang'onoang'ono, osalala, onse opendekera kumene dzanja lamanzere limakokera. Waya wofiira anali lende, nsonga yake yosenda kale.

"Ndakudikiritsa, eti?" anatero Atsupi.

Anatenthetsa chitsulo n'kuwotcherera waya wake. Analumikiza makina ku TV, anaika chimbale cha mpira, n'kudina. Kanyale kanayaka. Fani inayamba kuzungulira. TV inangoti bii.

Anadikira. Anazimitsa, anayatsanso. Bii.

Atsupi si munthu wothamangira kulira, ndi munthu wa ntchito. Choyamba anafuna kudziwa ngati makinawo ali moyo. Anachotsa waya wofiira uja kuti tchipu ikhale yopanda moto, n'kuyatsa. Pompo TV inawala, makina n'kuimba kanyimbo kake kotsegulira. Chimbale chokopera anachikana monga mwa khalidwe lake, koma moyo unalimo. Anabwezera waya wofiira. Bii. Ndiye kuti matenda sanali m'makina, anali pa tchipu kapena pa mawaya ake.

Munthu woyamba kumukayikira anali iye mwini. Anasungunula dontho lake n'kuliikanso, mwina mtovu sunagwire. Anayeza ndi mita ngati moto ukufika pa tchipu, ndipo unkafika wokwanira. Kenako anatenga galasi lokulitsa n'kuyamba kuyenda nalo pa bolodi, kufunafuna kanyenyeswa ka mtovu kamene kangakhale katalumikiza malo awiri osayenera kukhudzana. Maso anawawa, khosi linauma, kanyenyeswa sikanapezeke. Tsiku linatha choncho.

M'mawa mwake anayeza mawaya limodzilimodzi. Mita yake imalira ikapeza kuti waya ndi wathunthu, ndiye ankagunditsa nsonga imodzi pa tchipu, ina kumene wayayo watera. Tswii. Wotsatira, tswii. Onse analira, panalibe woduka mkati, panalibe dontho losagwira. Anaganiza za mphepo ya kunyanja, imene kuno imadya chitsulo ngakhale chili m'sutikesi. Anatsuka bolodi ndi sipiliti ndi mswachi wakale, analiyanika pakhomo, analibwezera. Bii.

Chotsala chinali chimodzi, kuti mwina tchipu yomweyo inafa ndi kukhalitsa. Matchipu akale anali nawo m'kachitini. Koma kusintha tchipu ndi kusungunula madontho onse a Atsu amene ali pa iyo, limodzilimodzi, mpaka dzanja lake litafufutika. Anatulutsa kachitini kaja, anakayang'ana, anakabwezanso m'dirowa.

Akadali choncho, Delanyo wa shopu ya mafoni yoyandikana nayo anasuzumira, mtedza uli m'manja.

"Da Atsupi, masiku onsewa mukufukula manda a ndani? Ndimangomva tswii, tswii, ndimayesa mwayamba kuweta anapiye."

"Kamate magalasi ako, Delanyo."

"Ayi, ndikuthandizeni. Zulani udzu wonsewo. Masiku ano timangothira pulogalamu pa memore kadi, makina n'kumadya magemu a pa fulashi. Mtedza uwu usanathe mwamaliza."

"Munthu wagula zimbale thumba lonse, ukufuna akazingire mazira? Iwe pamene ife tinkaika matchipu unali ukuyenda wopanda kabudula, mamina ali m'kamwa."

Delanyo anaseka, anaponya mtedza m'kamwa, n'kuweramira pa bolodi. "Koma ntchito ndi yaukhondo, ndivomere. Fo Atsu anali dolo. Kungoti, Da, musandimenye, mwina anaphonya penapake. Ndi munthu."

"Tuluka."

"Ndangoti mwina..."

"Ndati tuluka, usanatuluke ndi chitsulo chamoto kumsana."

Anatuluka akukweza manja. Anachita mwayi kuti anapeza Atsupi, wina wa pakhomo pathu akanamuuza za makolo ake. Koma mawu ndi ngati utsi, ukatseka chitseko amalowera pansi. Atsupi anapepesa kwa Atsu m'malo mwa mwana wopanda mwamboyo, anamuthira kamafuta pamutu, komabe madzulo amenewo pa zemijani yopita ku Be sanalankhule naye monga mwa masiku onse.

Lachisanu masana magetsi anazima. Dekon yense anati "aaa!" nthawi imodzi, majenereta a olemera n'kuyamba kukhosomola. Nyale ya patebulo itazima, Atsupi anaona kuti sangaone kanthu. Mpando wake ndi wofulatira khomo, ndiye kuwala kochokera kunja kunkathera pa msana wake, bolodi n'kukhala mumthunzi. Kunyamula bolodi lili ndi zingwe zake zopyapyala sanafune. Njira inali imodzi, kukakhala mbali inayo.

Anaima kanthawi. Pa mpando wautali uja panali pasanakhale munthu wa mnofu chichokere mwini wake.

"Atsu, ndibwereke mpando. Ndibweza."

Anamunyamula ndi manja awiri n'kumukhazika pa mpando wa iye Atsupi, kenako anazungulira tebulo. Mpandowo unagwedera, ndipo anakumbukira kuti mwendo umodzi ndi waufupi, Atsu ankaupinga ndi chitsekerero cha botolo. Anawerama, chitsekererocho chinali pomwepo, chadzimbiri. Anachikankhira pansi pa mwendo n'kukhala.

Shopu yake yomwe inamuonekera ngati ya eni. Kuchokera pamenepa munthu amaona khomo, msewu, amayi a malalanje tsidya lija, ndipo pakati pa zonsezo, mpando wa Atsupi. Ndiye kuti zaka zonse zija, Atsu akakweza mutu ankaona nkhope ya mlongo wake. Ndipo tsiku lija, akakweza mutu ankaona mpando wopanda munthu. Ankalankhula ndi ndani, munthu wosatha kutseka pakamwa? Atsupi anali asanaganizepo zimenezi. Ankadziwa za kusungulumwa kwake kokha.

Bolodi tsopano linali mbee, koma lozondoka, monga mmene Atsu ankalionera. Mawaya ambiri a tchipu amatera pa timadontho todziwika ndi maso, kena pafupi ndi kabowo, kena pakona. Koma pali mmodzi amene amatera pa mwendo wa kachipangizo kakuda kokhala ndi timiyendo tambirimbiri tondandana, kamene awiriwa ankakatcha bongololo. Mwendo umenewo sudziwika ndi maso, umachita kuwerenga kuchokera kumanzere, ndipo uli chapakatikati pa mzere.

Popeza chitsulo chinali chitazizira ndipo panalibe chochita, Atsupi anatola kamtengo kotokosera m'mano, anakagwira ndi dzanja lamanzere moyerekeza mlongo wake, n'kuyamba kuwerenga timiyendo ta bongololo kuchokera kumanzere. Kamtengo kanakaima ndendende pa waya wa Atsu.

"Waona? Delanyo ndi chitsiru," anatero, mtima uli myaa.

Kenako dzanja linaima m'malere. Kumanzere kwa mbali ino si kumanzere kwa mbali iyo.

Anadzuka, mpando n'kugwa kumbuyo. Anazungulira tebulo, anapendeka kuti mthunzi wake uchoke pa bolodi, n'kuwerenganso kuchokera kumanzere kwake kwa masiku onse. Kamtengo kanaima pa mwendo wopanda waya. Waya wa Atsu anali pa mwendo woyandikana nawo, kutalikirana kwake ngati tsitsi limodzi. Anabwereza, zinali zomwezo. Masiku onsewa anayeza ngati wayayo wagwira, ngati ndi wathunthu, ngati ndi woyera. Sanafunsepo ngati ali pamalo pake, chifukwa anamuika ndi Atsu.

Nambala ya mwendowo Atsu ankaidziwa, anaimva kambirimbiri kuchokera pakamwa pa mlongo wake. Chimene anali asanachitepo ndi kuwerenga yekha. Nthawi zonse kamtengo kankabwera kuchokera tsidya lina n'kumuonetsa. Tsiku limodzi lokha limene kamtengoko kanasowa, anawerenga mokhulupirika, kuchokera kumanzere kwake. Wina akadzati mdzukulu wanga anali wosadziwa ntchito, adzabwere andiuze pamaso. Anawerenga bwino. Tebulo ndi limene lili ndi mbali ziwiri.

Atsupi anadzutsa mpando uja, anabwezera chitsekerero, n'kukhalanso. Anayang'ana kamunthu kamtengo kali phee pa mpando wa tsidya.

"Unalibe wokulozera," anatero. "Tsiku limodzi lokha, iwe mpaka kusokoneza. Nanga ine zaka zonsezi ukuganiza ndimatani?"

Analira pamenepo, mosatulutsa mawu, kuopa kuti Delanyo angamve kuseri kwa khoma la malata. Akale anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Anthu amanena mwambi umenewu poseka pa ukwati. Sadziwa kulemera kwake.

Tsopano matenda anadziwika, ndipo mankhwala ake anali a kanthawi kochepa. Koma magetsi kunalibe, ndiye anakhala ndi nthawi yoganiza. Akangosuntha wayayo, bokosi lidzuka, ndipo likadzuka mawa lipita ku Tsevie. Akalisiya, likhala lakufa, ndipo mawa lipitabe, kukagwa m'manja mwa wina. Njira yolisungira panalibe. Chimene chinatsala m'manja mwake ndi kusankha mmene dzina la Kwa Mapasa litulukire pakhomo.

Dzuwa litapendeka, msewu wonse unakuwa kuti abwera, nyale n'kuyaka. Atsupi sanabwerere ku mpando wake. Anachotsa kaye waya wofiira, kenako anatenga Atsu n'kumuimika patebulo, mbali imene Atsupiyo ankakhala kale, n'kutsamiritsa kamtengo kaja pa dzanja lake, nsonga itagunda mwendo woyenera.

"Lero uloza ndiwe. Usagwedezeke."

Anagunditsa chitsulo pa dontho la Atsu. Mtovu umene unauma tsiku lija unanyezimira, unasungunuka, waya n'kumasuka. Nsonga yake inali itapsa, ndiye anadulako kachidutswa, anasenda pena, n'kuwotcherera pa mwendo umene kamtengo kankaloza. Anaona ndi galasi kuti miyendo iwiriyo sikukhudzana. Patsala waya wofiira. Anatembenuza chitsulo, chogwirira chili kutsogolo, n'kuchigunditsa pa dzanja lamtengo.

"Abwana, sainani."

Anawotcherera, analumikiza, anadina. Kanyale kanayaka, fani inazungulira. TV inachita ngati ikuganiza, kenako inawala, chimbale n'kuyamba kuthamanga mkati, ndipo mwadzidzidzi shopu yonse inadzaza ndi phokoso la anthu a m'bwalo la mpira. Delanyo anamenya khoma la malata kuseri akukuwa kuti, "Wadzuka! Maliro aimitsidwe!" Atsupi anachepetsa mawu a TV. Anatola kachidutswa ka waya kaja patebulo n'kukakulunga pa mkono wa Atsu ngati chibangili.

Loweruka Fo Sename anafika ndi katoni ndi chingwe. Ataona mpira pa TV anavina pang'ono, msana wowawa womwewo.

"Da Atsupi, ndinu mfiti! Vuto linali chiyani?"

"Waya wotsiriza ankadikira ine."

"Basi?"

"Zinazo n'za m'banja, Fo."

Bamboyo anati sanganyamule katundu wosayesa. Anatola zowongolera ziwiri n'kumupatsa chimodzi. Atsupi anakana, anati zala zinaiwala, sanasewerepo chichokere mlongo wake. Fo Sename anati zili bwino, ndiye kuti lero apeza womugonjetsa, popeza ku Gabon ana ankamusambitsa chokweza. Anasewera. Poyamba Atsupi ankangothamangitsa osewera ake kunja kwa bwalo, Fo Sename akuseka mpaka kutsokomola. Kenako zala zinakumbukira.

"Aa, Da! Munthu wodwala msana mumamuchita chonchi? Chigoli chimenecho n'chakuba!"

"Kadandauleni ku Gabon."

Anamuchinya zigoli zingapo, ndipo anaseka, kuseka kwenikweni kotulutsa mano, mpaka amayi a malalanje anasuzumira kuti aone kuti ndani. Kenako mpira unatha. Fo Sename anazimitsa makina, anakulunga zingwe, analowetsa bokosi m'katoni n'kumanga. Pakhomo anatembenuka, anavula chipewa kwa Atsu.

"Fo Atsu, ntchito ndailandira. Mwachedwa nayo, koma ndailandira." Kenako kwa Atsupi, "Akabwera mumuthokozenso."

"Nkhuni zake n'zakutali, Fo. Koma amva."

Anaima pakhomo kuyang'ana zemijani ikulowa m'chipwirikiti cha magalimoto, katoni ili pa miyendo ya mwini wake, mpaka inabisika. Atabwerera mkati, pa shelefu ya pamwamba panali malo a ngodya zinayi opanda fumbi, oyera ngati pachoka bandeji. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako ananyowetsa kansalu n'kupukuta shelefu yonse, kuyambira uku mpaka uko.

Masana anagula nyemba za mafuta ofiira, anatapa pang'ono kuika pa kambale, n'kudya mwakachetechete.

Mpando uja anati abweza, koma sanabweze. Mpaka lero Atsupi amakhala pa mpando wogwedera, moyang'ana khomo, ndipo mpando wautali wa masiku ano wa Atsu ndi umene unali wa Atsupi, kamtengo kotokosera m'mano kali pa dzanja, kachibangili ka waya kali pa mkono. Iye amati mbali imeneyo kumawala bwino. Makasitomala ndi ochepabe, ndipo madzulo amabwerera ku Be awiriwiri monga kale, wina ali m'nsalu ya m'chiuno. Kungoti tsopano odutsa pamsewu amamuona nkhope m'malo mwa msana. Ena amapereka moni, ndipo iye amakweza mutu n'kuyankha.